Polira Mwalimu Tumpale Mwakibinga, Mphunzitsi wa Ukalipentala

Kwa Bambo Anyosisye Mwakibinga ndi ana, kwa aphunzitsi ndi ophunzira a pa sekondale ya Mwalisi, ndi kwa onse okhudzidwa,

Ife a Mgwirizano wa Aphunzitsi a Ntchito Zamanja kuno ku Rungwe tadzidzimuka ndi kusweka mtima pomva kuti Mwalimu Tumpale Mwakibinga atisiya Lachitatu lapitali pa chipatala ku Tukuyu, ndipo kufikira lero mitima yathu ikukana kukhazikika, pakuti tidazolowera kuwaona ali jijirijijiri pantchito, pensulo kukhutu, utuchi m'tsitsi.

Pamene malemuwa adafika pa Mwalisi, nyumba yophunziriramo ukalipentala idali mosungira mipando yothyoka, ndipo ophunzira ankati luso lamanja n'la olephera masamu. Malemuwa adayamba ndi mipando yothyokayo, kuzula misomali ndi kuiwongola, mpaka kalasi lililonse lidapeza pokhala. Adawonjezera kuphunzitsa zomangamanga ndi kukhoma madenga, ndipo ndiwo adalimbikira kuti atsikana nawonso agwire sowo ndi hamala. Makolo ena sadakondwe nazo. Bambo wina adabwera kudzatenga mwana wake, akudandaula kuti mtsikana wa zikhatho zokhakhala chotere palibe adzamufunsire. Malemuwa adayankha osasiya kupala thabwa:

"Baba, za ukwati sindingakulonjezeni kanthu. Koma nyumba yanu ija ikudontha, ndipo woikonza ndi yemwe mukufuna kupita nayeyu."

Mwanayo adatsala, ndipo lero ali ndi malo ake opalirapo matabwa ku Mbeya, kumene walemba ntchito anzake angapo.

Sitibisa kuti malemuwa sadali ophweka kugwira nawo ntchito. Pamisonkhano yathu sankachedwa kudzuka n'kumakagwedeza mafelemu a mawindo kuti aone ngati ndi olimba, ndipo tiyi wawo ankazizira m'kapu nthawi zonse. Ngakhale matenda atawagwira chaka chino, adakana kupuma, chifukwa ophunzira a Fomu 4 adali atayamba kukhoma denga la nyumba yogona atsikana, amene kwa zaka zambiri akhala akuyenda mtunda wautali mumvula. Ali m'chipatala ankafunsa aliyense wodzawazonda ngati malata afika, ndipo tsiku lina anamwino adawapeza pageti, atafunda chitenje, akuimitsa njinga yamoto kuti iwatengere kusukulu. Pamene amuna awo adawadzudzula, iwo adangoti:

"Inu mukuona ine, ine ndikuona mitambo."

Malata adafika tsiku lomwe iwo adatsikira kulichete. Mitanda yadengalo ili pamtetete, mvula yayamba kale kugunda kumapiri, mayeso a ophunzirawa ayandikira, ndipo sitikudziwa amene angalowe m'malo mwa mphunzitsi wotere. Chimene tagwirizana n'chakuti mamembala athu adzasinthana kuphunzitsa kalasili mpaka mayeso atatha, ndipo dengalo lidzamalizidwa ndi manja a ophunzira omwe adaliyamba.

M'malo mwa mamembala onse, ndikupereka chipepeso chochokera pansi pa mtima kwa inu Bambo Mwakibinga, kwa ana anu Neema ndi Gwamaka, ndi kwa abale onse, amene mudatibwereka mayiyu nthawi zambiri kuposa m'mene mudakhalira nawo pakhomo. Mulungu akulimbitseni ndi kukupukutani misozi m'masiku owawa ano.

Ndipo inu ana athu a Fomu 4, lirani mphunzitsi wanu mokwanira, musachite manyazi. Koma Lolemba m'mawa tikupezeni pansi pa makwerero, mutavala zogwirira ntchito.

Mzimu wawo uuse mumtendere.

Lusekelo Mwaisumo
Wapampando