Chithunzi cha diresi lanu lobiriwira

Okondedwa Achemwali,

Pepani kuti ndikukuvutitsani ndi kalata pamene muli ndi zanu zambiri. Ndinayesa kuimba kawiri koma mawu anandithawa, ndiye ndati bola ndilembe, mwina papepala zituluka bwino. Kaya muli bwanji kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja unasiya kutupa? Ine kuno thupi lili bwino, mtima wokha ndiwo suli m'malo.

Ndikusokabe pakhonde lija la sitolo ya zitsulo. Makina ndinakonzetsa, tsopano sakudulanso ulusi.

Ndinakuuzani kuti ndinalowa bungwe la matelala. Bungweli lili ndi pulogalamu ya pafoni imene amangoti apu. Membala aliyense amaikamo zithunzi za zovala zimene wasoka, ndipo ofuna kusoketsa amasankhira momwemo telala. Mukudziwa kuti ine sinditha kuitanira anthu pamsewu ngati anzanga, ndiye apu imeneyi ndiyo imandiyankhulira. Makasitomala anga ambiri anandipezera mmenemo.

Lamulo lake lalikulu ndi loti munthu asaike ntchito ya wina. Lolemba lapitali nditatsegula ndinapeza andiyimitsa, akuti ndinaba chithunzi. Achemwali, chithunzicho ndi cha diresi lanu lobiriwira, lija ndinakusokerani pa ukwati wa msuweni wathu, la kolala yopinda katatu. Munaona nokha mmene ndinaisomolera kolala imeneyo kanayi konse mpaka inakhala bwino.

Chimene chinachitika ndi ichi. Sitolo ina yaikulu ya zovala kuno inatenga chithunzicho pa apu, n'kudula pakona pamene ndinalemba dzina langa, n'kuikapo lawo. Chili patsamba lawo la pa intaneti mpaka lero. Membala wina anachiona kumeneko n'kukanena ku bungwe kuti wakuba ndine.

Ku ofesi ya bungwe ndapitako katatu. Ndi kachipinda kamodzi, benchi ili panja, dzuwa likukuwomba kumaso. Tsiku lachitatu ndi pamene alembi anandilola kulowa. Ndinawapempha kuti aone tsiku limene ndinaika chithunzicho, poti ine ndinayamba kale, asitolo asanachitenge. Iwo anati mwezi wathawu apu anaikonzanso, ndiye zithunzi zonse zakale zikuonetsa tsiku lokonzalo. Motero changa chikuoneka ngati chadzulodzulo, cha asitolo chachikale. Anatinso amene anapanga apuyo ali kutali, akawalembera sayankha. Pomaliza anandipatsa fomu yolembapo dandaulo langa, ya masamba atatu, ya Chingerezi chokhachokha. Ndakhala nayo masiku awiri, ndikulemba ndi pensulo kuopa kulakwitsa.

Kusitolo ya zovala ija ndinapitakonso. Mayi woyang'anira anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti chinthu chikafika pa intaneti chilibe mwini, n'chimodzimodzi mphepo. Anandifunsanso ngati kolalayo ndinakalembetsa kuboma, atsikana ogulitsa n'kuyamba kuseka. Ine ndinangoima, tepi yanga yoyezera ili m'khosi. Kenaka ndinati zikomo, n'kutuluka. Taganizani, anthu andibera, ine n'kuwathokoza. Mayankho onse abwino anandibwerera ndili kale mu basi.

Mnzanga amene amasoka mayunifomu pakhonde lomweli akuti zimene ananena mayiyo ndi bodza, chithunzi ndi cha amene anajambula, ndipo wina sangachitenge popanda kupempha. Amandiseka kuti ndine wamantha ngati mbewa ya m'tchalitchi, koma walonjeza kudzandiperekeza ku komiti ya bungwe. Akuti chofunika ndi umboni basi. Komiti ikumana Loweruka la sabata yamawa. Ndikapanda kuonetsa umboni andichotsa m'bungwe, ndipo dzina langa alilengeza pa apu kuti mamembala onse adziwe chifukwa chake. Sabata ino yokha makina angokhala ofunditsidwa nsalu masiku atatu. Mayi wina amene ndimamusokera chaka chonse anabwera kudzatenga nsalu yake osandiyang'ana n'kumaso komwe.

Tsopano ndifike pondivuta kulemba. Chithunzicho ndinakujambulani ndine, mutaima pakhomo la amayi, ndipo ndinachiika pa apu osakupemphani. Ndinkadziwa kuti alamu sakonda kuti zithunzi za pabanja panu ziziyenda m'mafoni a anthu, ndiye ndinadula kumutu kuti nkhope isaoneke, n'kumadzinamiza kuti potero sindinalakwe. Chathunthu chija ndinafufuta foni itadzaza, poganiza kuti apu ikundisungira. Ndiye chatsala ndi diresi lopanda mutu, loti aliyense angathe kunena kuti ndi lake. Ndikamakwiyira asitolo aja kuti anatenga osapempha, ndimakumbuka kuti inenso ndinachita zomwezo kwa inu, ndipo manyazi amandigwira. Ndikhululukireni.

Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye pempho langa ndi ili. Muvale diresilo, muime pakhomo lomwelo, wina akujambuleni nkhope ikuoneka. Dzanja lamanzere muliike kutsogolo, chifukwa chipsera chanu cha nyale chija chikuoneka bwinobwino pa chithunzi cha asitolo, iwo sanachizindikire. Kenaka mutembenuze mpendero chakumanja, mujambule timitanda titatu ta ulusi wofiira timene ndimasoka mkati mwa chovala changa chilichonse. Zithunzizi ndidzangoonetsa akomiti pafoni yanga, sindidzaziika paliponse.

Koma muyambe mwawafunsa alamu, muwawerengere ndi kalata yomwe ino ngati mukufuna. Akakana kapena inu mukakana, mundiuze mosabisa, sindidzadandaula. Ndidzapita ku komitiko chimanjamanja ndikayese kuyankhula ndekha. Sindikufuna kuwina mlanduwu ndi chinthu chimene simunandipatse.

Amayi musawauze kaye, angayambe kusala chakudya ndi nkhawa. Mungowapatsa moni wanga, muwauze kuti malaya awo ndatsala n'kuika mabatani. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa ana onse.

Chonde mundiyankhe msanga, lisanafike Lachinayi, kaya yankho ndi inde kaya ndi ayi.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Telala wa pakhonde