Tsiku limene ndinafa ndi singano kumsana

Khwethemule, Thyolo

Wokondedwa mwana wanga Lestina,

Landira moni wa bambo ako. Uli bwanji ku Joniko, kuzizira kwakuleka? Kuno amayi ako ali bwino, kungoti sakundiyankhula. Ine msana wapola, koma bola ukanamawawabe. Khala pansi kaye.

Mwezi watha kunabwera mayi wa ku China, a Lin, wongodzipereka, kudzachiza anthu ndi singano zoonda ngati tsitsi. Anawapatsa chipinda kutchalitchi pafupi ndi nyumba za esiteti, ndipo amuna ako a Crispin ndiwo ankamasulira, poti chizungu amachitafuna. Ife amene dengu la tiyi linatipinda msana tinkachita kulimbirana.

Lachisanu ndinapita ndi amayi ako. A Lin anandigoneka chafufumimba n'kundibaya kuyambira m'khosi mpaka kumene sindingalembe, ndinali nungu yeniyeni. Anati ndigone phee, iwo n'kupita kuseri ndi a Crispin kukatenga zitsamba. Amayi ako, amene singano amaziopa, anasuzumira pakhomo. Umandidziwa iwe ndi nthabwala zanga. Ndinatembenuza maso, lilime panja, dzanja n'kuligwetsera pansi.

Ndinkati akakuwa ndidzuka tiseke. Koma anathamangira kumunda kumene anyamata ankadulira tiyi, akulira maliro kuti wa singano wandipopa magazi. Ine ndili gone, kudikira kuti abwerere.

Anabwera anyamatawo, ndi zikwanje, a Lin ndi a Crispin akungotulukira kuchokera kuseri kuja. Miyala inaswa mawindo, wina unaphula a Lin pamphumi. A Crispin anawakankhira mkati, iwo n'kuima pakhomo manja atatambasula, akukuwa kuti bambo ali moyo. Palibe anamva. Mlongo wako Benard anali patsogolo, misozi ili mbwee, akuti alamu mwagulitsa bambo anga. Pamene ndinkafika pakhomo, singano zili njo kumsana, chikwanje chinali chitatsika kale. Zala zitatu za a Crispin, za kumanja, zinali pasimenti.

Anthu ataona mtembo ukuyenda anathawa mopondana. Anatsala Benard yekha, chikwanje m'manja, akungondiyang'ana. A Lin anamanga dzanja lija ndi mpango wawo, magazi awo akudontherapo, kenako anandizula singano imodziimodzi. Pano anabwerera kwawo.

A Crispin ali kuchipatala. Apolisi akufuna dzina la amene anatema, ndipo mudzi wonse ukuti sunaone. A Crispin akuti achita zimene mkazi wawo anene. Ukati atchule Benard amutchula.

Dzulo ndinavala jekete n'kupita kupolisi. Ndinati amene anatema ndine, anditsekere. Wapolisi anaseka mpaka kugwira tebulo, akuti a Fabiano mwayambanso, n'kundipatsa nthochi kuti ndizidya popita.

Ndiye zatsalira iwe, mwana wanga. Amuna ako sadzagwiranso cholembera, ndikudziwa. Komanso Alesi, mkazi wa Benard, ali ndi pakati, ndipo Benardyo chichitikireni sakudya. Anatema chifukwa cholira bambo ake. Imbira amuna ako, uwapemphe atchule ine. Iwo sanachitepo nthabwala ndi munthu, apolisi awakhulupirira.

Mulungu akusunge pa ntchito yako. Undiperekere moni kwa azakhali ako a Salome, koma nkhaniyi uwauze wekha, kwa ine adzangoseka.

Ndine bambo ako,
Fabiano