Munda Umene Amalume Akusunga

Lachiwiri, pa 14 Okutobala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi onse a pakhomo panu. Kodi bondo lija likukulolani kufika kumunda? Ine ndilipo, maso okha ndiwo ayamba kundinamiza, choncho mukaona mizere yapendekeka musati mphunzitsi waiwala ntchito yake. Kalatayi ndapatsira dalaivala wa lole ya simenti amene adutse kwanuko Lachinayi. Muiwerenge muli nokha, ndipo muimalize musanakwiye.

Loweruka tikubwera kumeneko anthu asanu: ine, mwana wanga uja munamutcha Kalaliki, mkazi wake ndi ana awo awiri. Sitikubwera kudzacheza. Tikusamuka.

Ndiyambe ndi zimene sindinakulembereni. Kampani imene Kalaliki ankagwirako ntchito yolemba katundu inatsekedwa miyezi khumi ndi umodzi yapitayo. Chitsekereni walemba makalata ofunsira ntchito 37, ndipo iliyonse ndinaiwerenga ndekha kuti musakhale cholakwika. Anamuyankha awiri, onse kukana. Tinachoka m'nyumba ya zipinda zitatu ija, tsopano tili m'chipinda chimodzi kuseri kwa shedi yowotcherera zitsulo. Ndinachiyeza ndi mapazi anga: khumi ndi anayi m'litali, khumi m'lifupi. Pakati tinapachika nsalu, uku ine ndi ana, uko eni banja. Timadya kamodzi, cha m'ma folo koloko, kuti chakudyacho chiimire masana ndi madzulo omwe. Mpongozi wanga amachapa zovala m'nyumba zitatu za anthu, ndipo manja ake asupuka ngati mbatata yophika.

Tsiku lina Kalaliki anabwera ndi dzira limodzi m'thumba la malaya, atalikulunga m'pepala. Mkazi wake analiphika n'kulidula panayi, n'kunena kuti iye sakonda mazira. Ine pakamwa panandiyabwa. Ndinati, "Kwathu mazira tinkachita kuwaponda m'tchire, nkhuku zikaikira kosadziwika."

Kuyambira tsikulo sindinatsekenso pakamwa. Ndinawauza za chaka chija masitolo anauma, inu muli ndi zaka khumi ndi zinayi, ine khumi, pamene anthu a m'tauni ankagona pamzere kudikira sopo, ife osadziwa n'komwe kuti kunja kwavuta. Ndinawauza kuti pa chaka chonse bambo ankagula zinthu zinayi zokha: mchere, singano, machesi ndi palafini. Ndinawawerengera nkhokwe zitatu za chimanga, mapando a nthochi 52, mbuzi zisanu ndi zinayi, abakha amene ankatsata mayi mpaka kumtsinje, mafuta amene tinkafinya ku mtedza wathu, ndi sopo wa phulusa uja ankatiwawa m'maso. Achimwene, sindinawonjezere ngakhale mbuzi imodzi. Mukundidziwa. Koma sindinatchule kuti makasu olima zonsezo anali khumi ndi awiri pakhomo paja, sindinatchule kuti mayi anabereka asanu ndi anayi n'kukula asanu okha, ndipo chachikulu chija, chimene tinkachidziwa inu ndi ine basi, sindinachitchule.

Ndinkayesa ndikusangalatsa adzukulu. Sindinaone kuti amene akumvetsera kwambiri ndi bambo wawo, atagona chagada kuseri kwa nsalu ija. Miyezi itatu yapitayi anali atasiya kutuluka, kumeta ndevu osameta, mwana akamuyankhula kuyankha ndi mphuno.

Pa 2 mwezi uno anadzuka, anameta, natiitana tonse.

"Amayi, ndaganiza. Tizipita kumunda kwanu. Mvula isanagwe tikhale titagalauza."

Ndinati, "Iwe, khasu unaligwirapo liti?"

"Ndiphunzira. Agogo anali ndi satifiketi yanji? Amalume ausunga mokwanira mundawo, tikawapumuze."

Mawu amenewo ndi anga, achimwene. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, akandifunsa za gawo langa la munda, yankho langa lakhala limodzi: amalume ako akusunga. Sadziwa kuti chaka chimene bambo ake anamwalira, iye atatsala ndi zaka ziwiri kuti amalize sukulu, ndinagulitsa gawolo kwa oumba njerwa kuti asachotsedwe m'kalasi. Inu munasaina ngati mboni, nkhope ili kumbali. Munati, "Masamu, pepala salima." Ndinakuyankhani mwamwano, ndipo lero ndikubweza mawu anga onse. Kalata yanu ija munandiuza kuti akumba mpaka dzenje lofika munthu pachifuwa, ndi kuti mvula ikagwa mumalira achule, ndikadali nayo m'Baibulo. Ndinamubisira kuti asadzayende ndi satifiketi yolemera ngati munda. Ndinkati akadzakhazikika pa ntchito, nkhaniyi idzakhala yoseketsa.

Ndayesa kumuuza katatu.

Koyamba ndinamupeza pashedi, owotcherera zitsulo akumukonzera makasu awiri akale amene anasinthanitsa ndi nsapato zake za ku ofesi. Bambo amenewo ndi anthabwala. Ankati, "A Kalaliki, chida ichi chilibe chivindikiro ngati cholembera, mukachiika pakhutu mudula khutulo."

Iye anaseka mpaka kugwira bondo, nati, "Dikirani, mwezi wa Epulo ndikutumizirani thumba la mtedza, mudzandipepese."

"Mutumize ndi zithunzi za matuza, tidzapachike pano!"

Kuseka kumeneko ndinali nditakumva komaliza Novembala wa chaka chatha. Ndinaima pakhomo la shedi, ndinafunsa nthawi, n'kubwerera.

Kachiwiri anabwera ndi kope la mwana, atajambulamo munda wonse monga ndinaufotokozera: mtsinje kumunsi, nthochi m'mphepete, chulu pakati. Anati, "Amayi, inu ndinu aphunzitsi, chongani." Ndinatenga pensulo kuti ndilembe zoona pansi pake. M'malo mwake ndinamukonzera chulu, chifukwa anachiika kumanzere pamene chinali kumanja. Ndinakonza malo a chulu chimene chinapsa kalekale mu uvuni wa njerwa.

Kachitatu ndinangoti, "Mwanangu, bwanji tiyambe talembera amalume ako?" Iye anati, "Tikalemba, mupeza chifukwa china. Kwa eni nyumba ndatsanzika kale, Lamlungu mulowa munthu wina." Bedi anagulitsa, tebulo anagulitsa, matikiti a basi ali m'thumba la jekete limene wapachika pamsomali.

Dzulo ndinatsagana ndi mpongozi wanga kumpope. Pamzere panali ndowa 23 patsogolo pathu, choncho nthawi inalipo. Ndinamukokera pambali n'kumuuza zonse, monga ndakulemberani pano. Sanakuwe. Anakhala pa ndowa yake, nayang'ana manja ake.

Kenaka anati, "Ngakhale kachigawo, amayi?"

"Ngakhale mzere umodzi."

"Nanga wa amalume?"

Ndinamuwerengera: mizere yanu 64 ija munanena, pakamwa pasanu ndi pawiri pakhomo panu, ndipo chimanga chimakutherani Disembala asanafike. Tikawonjezeka ife, pakhala pakamwa khumi ndi pawiri.

Anati, "Inu simulakwitsa masamu, ndiye vuto lanu." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango. "Musawauze kuno. Mukawauza kuno abwerera kuseri kwa nsalu kuja, ndipo ulendo uno sadzukanso. Lamlungu tikagona pati? Tipite basi. Kumeneko mwina akakwiya ataimirira."

Ndinati, "Ukundida, mwanawe?"

"Ndilibe nthawi, amayi. Sunthani ndowa, atidumpha."

Ndiye n'chifukwa chake tikubwera, ngakhale awiri mwa ife tikudziwa kumene tikupita. Sindikupemphani munda, chifukwa ndikudziwa kuti mulibe. Ndikupempha zinthu zitatu zokha, ndipo mukakana chilichonse sindidzakuimbani mlandu.

Choyamba, khitchini yanu yakale ija, ngati denga lilipobe, mutilole tigonemo mpaka mvula itatha. Tazolowera kupanikizana. Tili ndi mabulangete atatu, mapoto awiri, mbale zisanu ndi makasu aja.

Chachiwiri, mufunse kwa oumba njerwa ngati amalemba aganyu. Kalaliki amatha kuwerenga katundu mosaphonya, ndipo akakana zimenezo, kuponda dothi angaphunzire. Ndalemba chiganizo chimenechi kawiri n'kufufuta, koma ndachisiya, pakuti sindikuona khomo lina. Akaumba njerwa ndi dothi la agogo ake, mwina ndiko kudya za m'munda kumene kwatitsalira.

Chachitatu ndicho chachikulu. Basi imafika pasiteji yanu cha m'ma thii koloko. Mudzabwere kudzatichingamira, ngakhale bondo likuwawa, koma musadzanene kanthu. Kalaliki adzakufunsani za munda asanakupatseni n'komwe moni wokwanira, ndikumudziwa. Mudzangoti, "Amayi ako akuuza." Tisadzadutse njira yachidule, chifukwa imatulukira pamaenje pomwepo. Tidzazungulire ya kusukulu. Ndili mwana ndinkaiwerenga, inali masitepe 2,300 kuchokera pamsewu kufika pakhomo pa bambo, ndipo ndi miyendo ya lero adzachulukirapo. Amenewo andikwanira. Nkhaniyi amve kwa ine, asaione ndi maso ndisanaitchule.

Usiku sindiwerenganso mbuzi za bambo. Mdzukulu wamng'ono dzulo anandifunsa ngati abakha aja adzamudziwe, ndipo wamkulu wasunga njere za papaya zisanu ndi ziwiri m'bokosi la machesi kuti akadzale m'mbali mwa mtsinje. Sindinawaletse. Kodi mtsinjewo umayendabe, kapena nawonso unauma? Musandiyankhe, ndidzaona ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti asavutike kutiphikira, tidzadyera m'njira. Moni kwa ana anu onse ndi adzukulu, amene adzatipatse malo osadziwa chifukwa chake. Mukapita kumanda kwa bambo ndi mayi musanditchule, ndidzapita ndekha ndikadzapeza nkhope. Mpongozi wanga akupereka moni, akuti mumukhululukire pobwera chimanjamanja. Kalaliki sakudziwa kuti ndikulemba, koma m'mawa uno anati tikafika adzakuthokozani atagwada chifukwa chosunga munda zaka zonsezi. Chonde mudzamugwire mkono asanagwade.

Tikadzanyamuka pasiteji, inu mudzatsogole ndi mpongozi ndi ana. Ine ndi mwana wanga tidzatsalira m'mbuyo. Mukadzamva mawu akukwera, musadzacheuke.

Ndine mlongo wanu,
Masamu