Diso la Nkhosa Limene Ndinakana

Okondedwa achemwali Burul,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Moscow kumeneko pamodzi ndi alamu. Kodi mawondo aja akukuvutanibe? Kuno ku Kochkor tili moyo. Kumapiri kwayamba kuzizira ndipo ziweto tatsitsa kale. Mlamu wanu Gulsun ali bwino, kungoti masiku ano akumandiyankha atandifulatira.

Mumandidziwa, sindizungulira. Mwana wathu Akylai wamaliza maphunziro ake ku yunivesite, ndipo phwando lake lathera pakamwa panga.

Paja ndinakuuzani kuti anamusankha kulowa m'kagulu ka ophunzira akhama. Iwo sadzazana m'chiholo ngati anzawo. Amakhala ochepa, kuzungulira tebulo ndi mphunzitsi mmodzi, kuwerenga mabuku ndi kutsutsana. Pamapeto aliyense amalemba nkhani yake yaitali n'kukaiikira kumbuyo pamaso pa akuluakulu. Atandifotokozera ndinaseka. Mtsutso n'kuchita kuupitira ku Bishkek? Mwana ameneyu anauphunzira m'galaja mwanga akundipatsira masipanala. Ine amene sukulu ndinaisiyira panjira, n'kudziphunzitsa ndekha injini ndi mabuku, ndi amene ndinamuuza kuti asamavomere mawu chifukwa choti wanena ndi wamkulu.

Poyamba ankabwera patchuthi n'kulimbana nane mpaka tiyi kuzizira. Kenako m'nyumba mwanga munalowa dzina: aphunzitsi Esenaliev. Ndikanena za msipu, iye amvekere aphunzitsi amati. Ndikanena za boma, aphunzitsi amati. Tsiku lina ndinamufunsa ngati aphunzitsiwo anamuuzanso dzanja lodyera. Anangomwetulira n'kunditsanulira tiyi. Achemwali, bola akanandikalipira. Anasiya kunditsutsa chifukwa anali atapeza wina woyenera kutsutsana naye.

Atapambana tinapha nkhosa, tinaitana abale. Akylai anapempha kuti mutu wa nkhosayo, umene timapatsa mlendo wolemekezeka, upite kwa aphunzitsi akewo. Mlendo ndi mlendo, ndinaupereka ndi manja awiri. Ndinkayembekezera chimunthu chodzitukumula kuti ndichisule bwino. Kunabwera kamdala kowonda, jekete yotha m'zigongono, kaulemu, kodziwa mwambo. Ndinasowa pokagwira, ndipo mtima unandipsa kwambiri.

Mutu uja anaugawa mwaluso. Khutu anapatsa ana kuti azimvera. Kenako anakolowola diso, n'kulidula pakati, theka n'kundiloza nalo ine, monga timachitira ndi munthu amene tikufuna akhale bwenzi lathu. Anati, “A Tologon, mwana uyu tamulera awiri. Inu ndi amene munayamba.”

Awiri. Pamaso pa abale anga onse.

Ndinamuyankha kuti, “Wangayu ndinalera ndekha. Diso lanulo idyani lonse, mwina muona bwino kuti ali ndi bambo.”

Mdala uja anakhala dzanja lili m'malere, kenako anaika theka lija m'mphepete mwa mbale n'kufunsa Gulsun za kaphikidwe ka msuzi. Sanandibwezere, ndipo nazonso zinandiwawa.

Alendo atapita, Akylai anakhala moyang'anizana nane n'kundiswa. Anati ndinamuphunzitsa kusaopa akulu koma ndikufuna aziopa ine ndekha. Anati patebulo paja ankatsutsa aphunzitsi ake sabata iliyonse ndi mawu anga, moti iwo anachita kupempha kudzaona munthu amene anamunola chotero. Ndikati ndiyankhe, iye wanditsekera kale njira. Ndinagonja, ndipo chamumtima ndinakondwa, pakuti mwana wanga uja anali atabwerera. Koma taganizani, achemwali, mtsutso umene ndinaudikira zaka zonsezi anaubweretsa pomenyera nkhondo kamdala kaja.

M'mawa mwake anakwera basi ya ku Bishkek. Mwezi wa mawa akupita kunja kukapitiriza maphunziro, malo ake anamupezera ndi mdala yemweyo. Gulsun akuti mwanayo anakapepesa m'malo mwanga, ndipo mdalayo anatambasula manja n'kumudalitsa za ulendo. Kwa ine sanabwere kudzapempha dalitso. Kodi mwana angawoloke malire ndi dalitso la munthu wapadera, la bambo ake litatsala m'galaja?

Inu amakumverani, ndinu azakhali ake. Muimbireni. Mumuuze kuti ndagula nkhosa ina, yonona kuposa ija, abwere asananyamuke. Kamdalako abwere nako. Kupepesa kwa mawu ambiri sindikutha, ndipo musamulonjeze zoti ndakakonda. Koma mutu ndidzaperekanso ndi manja awiri, ndipo diso ndidzadya aliyense akuona. Kungoti Akylai amunong'oneze mdalayo kuti podula, theka lalikulu libwere kwa ine. Ananena yekha kuti ndinayamba ndine.

Mulungu akusungeni m'dziko la eni, akupatseni mphamvu pantchito. Mundiperekere moni kwa alamu ndi kwa mwana wanu Nurdin, mumuuze kuti njinga yake yamoto ndinaikonza.

Ndine mlongo wanu wapakamwa uja,
Tologon