Soketi ya padziwe la eni

Lachinayi, mwezi wa Juni. Mtima sunakhazikike lero.

Panyumba ina ku Beech Grove, kuno kutali ndi kwathu, abwana anga, a Phiri, anandituma ndichotse swichi ya fyuzi, tiikepo soketi ya makina otenthetsera madzi a dziwe losambiramo. Ndinazimitsa bureka yodulira magetsi, n'kufuna kukhudza waya ndi chala monga tinkachitira ku Ndirande.

Anandigwira mkono. "Bambo a Tadala, tesita mwaisiya kuti?"

Nditayeza, tesita inayaka. Kani ndinazimitsa bureka ina.

Tinamanga soketi yosalowa madzi, yodzizimitsa yokha pakavuta. Madzi afunda, ana a eni nyumba asambira mpaka kutopa. Kwathu kukuzizira, Tadala wanga amake akumusambitsa m'beseni. Sindinamunyamulepo mwanayu, anabadwa nditachoka kale. Chala chija chikanafika pawaya, bambo ake akanangowadziwira pafoni basi.