Tambala Ndapita Naye ku Boma

Bambo a Diana,

Musavutike kusaka tambala, sanabedwe. Ndamutenga ndine, pamodzi ndi mapepala a njinga yamoto. Pepani sindinakutsanzikeni, minibasi inali ikunyamuka.

Nkhani ya pa wailesi ija munangoimva theka. Atangoti aboma akuganiza zotsitsa msonkho wa nyumba, inu uyo liwiro kwa a Hussein kukawauza kuti adzatizingire tambala tisangalale. Ine ndinatsala n'kumvetsera mpaka kumapeto. Akuti ndalama zimene zichepe pamenepo akazipeza pokweza msonkho wa inshuwalansi.

Tsono taganizani, bambo. Nyumba tikukhalayi ndi ya kampani ya tiyi, ife tilibe ngakhale njerwa imodzi. Chathu ndi njingayo, imene imatidyetsa ndi kabaza wanuyo, ndipo inshuwalansi yake yatsala pang'ono kutha. Ndiye ndati tambalayu akasanduke makwacha, ndiphatikize ndi za chipereganyu zija, ndikalipire mtengo usanakwere.

Lero makasitomala a kumsewu waukulu akaneni, mulibe mapepala.

A Hussein akafika ndi mpeni wawo, apatseni tiyi, mufotokoze nokha. Ndiwo ndi kholowa, zili mumphika wawung'ono. Musangalalire zomwezo, inu eni nyumba.

Ndine wanu,
Ireen