Ndakulengeza Matenda M'tchalitchi

Mwana wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino kozizira uko. Kuno ku Tafara tilipo, kungoti bondo langa silikusintha.

Ndakulakwira, mwanawe. Pa chithunzi chija unatumiza pa foni, cha mizere yozungulira, ine ndinangozindikira mawu amodzi: ekisire. Ekisire imene ndimaidziwa ndi ya kufakitale ku Msasa, yomwe akapeza banga pachifuwa ntchito yatha. Ndinaganiza kuti ukudwala ndipo ukutibisira. Lamlungu ndinaimirira m'tchalitchi kupempha mpingo ukupempherere, amalume ake a bwenzi lako Tendai ali pomwepo.

Kutacha ndinapita nacho kukiliniki. Nesi anaseka, amvekere, “Bambo, uyutu si munthu.” Anandiwerengera Chingelezi chako. Akuti ndi timadontho ta heliyamu, mpweya wa m'mabaluni, toziziritsidwa kwambiri mpaka timayenda popanda chotigwira, ndipo iwe umatiunika ndi ekisire kuti uone mmene timazungulirira mkati.

Koma nkhani inali itapita kale. Amalumewo aimitsa za malowolo mpaka adziwe matenda ako. Tendai wawafotokozera, iwo akuti iyeyo akungokuikira kumbuyo.

Nawenso ukanandiimbira. Sukulu yanga inathera panjira, ukudziwa, ndipo chaka chino mawu ako sindinawamve. Komabe pakamwa panali panga.

Chonde waimbire amalumewo pa vidiyo, akuone nkhope. Ine Lamlungu ndikaimiriranso pamalo omwewo, ndikauze mpingo kuti tinapempherera mpweya wa m'baluni. Akaseke ine, iwe ukwatiwe.

Ambuye akusunge.

Ndine bambo ako,
Jailosi